Nambala 6 Si Ya Kambuku

Kwathu ku Makuzi, kumene amayi anabadwira, amalume ali ndi chitini cha mabisiketi chimene sichisunga mabisiketi. Mukuzidziwa zitini zimenezi, nyumba iliyonse ili ndi chake. Mwa amalume muli makadi a ubatizo, buku la kuchipatala, zithunzi zitatu zimene nkhope zake zinayamba kufufutika, ndiye pansi penipeni pali tinthu tiwiri timene ndinkaseweretsa ndili mwana osadziwa kuti n'chiyani: khungwa la katiriji lopanda kanthu, lapepala, mkuwa wake wakutsinde utabiriwira, ndi kachivundikiro ka katoni kolembedwa manambala awiri, 12 ndi 6.

Chaka chatha nditapita kukaona anthu ndinafunsa. Tinali pakhonde, mwera utavuta moti a usipa sanalowe m'madzi. Amalume anakatembenuza kakhungwako m'manja kanthawi ndithu, kenako n'kunena m'Chitonga mawu amene m'Chichewa akuti: "Mphwanga, nambala 6 si ya kambuku. Koma ndi imene inalipo."

Mawu amenewa ndayenda nawo miyezi ingapo. Ku America alenje osaka coyote, nkhandwe yawo ija, amatha kutsutsana mpaka tambala woyamba za katiriji yoyenera ndi choke yoyenera, chifukwa zonse zili m'sitolo, munthu amangoloza. Ine funso langa ndi lina. Munthu wa m'mphepete mwa nyanja muno, chilombo chikalowa m'khola usiku, ndani ankamusankhira choika m'mfuti?

Ndiyambe ndi mfutiyo, poti ambirife timangoiona m'mafilimu. Mfuti ya rifle ili ndi mizere yopota mkati mwa mpope, ndipo chipolopolo chake chimodzi chimatuluka chikuzungulira ngati nguli, n'chifukwa chake chimalunjika patali. Chifefe ayi. Mpope wake ndi wosalala ngati payipi, ndipo chimalavula njere zambiri za mtovu nthawi imodzi. Nambala 12 ija ndi kukula kwa mpope, ndipo kawerengedwe kake n'koseketsa: mukatenga paundi imodzi ya mtovu n'kuumba mipira 12 yofanana, mpira umodzi ndiwo ungakwane ndendende mumpopemo, pafupifupi mamilimita 18 ndi theka. Nambala 6 ndi kukula kwa njere. Pa kawerengedwe ka Angelezi, kamene tinatengera ife, njere za nambala 6 zimakhalapo pafupifupi 270 pa magalamu 28. Za BB zimakhalapo 70, za AAA 35, za SSG 15, za SG 8 zokha. Njere imodzi ya nambala 6 ndi kachigawo kamodzi mwa khumi ka galamu, kocheperapo kuposa njere ya mapira akuluakulu. Ya SG ndi magalamu atatu ndi theka, ngati nsawawa. Yoyambayo anaipangira nkhanga ndi njiwa. Kambuku wamphongo amatha kufika makilogalamu 60, ndipo ambiri mwa makilogalamu amenewo ndi minofu.

Nanga choke? Munayamba mwathirira dimba ndi payipi n'kuitsina kukamwa kuti madzi afike patali? Basi ndi zomwezo. Opanga mfuti amachepetsa pang'ono kukamwa kwa mpope, pang'ono zedi, milimita imodzi yokha pa imene amati full choke, ndipo njere zimatuluka zitaunjikana. Amayesa chonchi: amajambula bwalo la mainchi 30 pa pepala, n'kuliombera ali pa mayadi 40. Mpope wopanda choke, umene amati cylinder, umalowetsa m'bwalomo njere 40 pa 100 zilizonse. Wa full choke umalowetsa 70. Pa mayadi 10, njere za full choke zimadzaza malo ngati mbale ya nsima, pamene za cylinder zimamwazika ngati lichero. Ndiye mwaona vuto lake. Mukafuna kufika patali mumafuna mbale. Chinthu chikamakudumphirani mumdima mumafuna lichero, chifukwa nthawi yolunjika palibe. Ndipo choke ingachite zonse koma singawonjezere kulemera kwa njere. Ikhoza kufikitsa njere 200 za nambala 6 pa nthiti za kambuku, koma iliyonse ikafika ili yekhayekha, yotopa, n'kuthera pansi pa chikopa.

Tsono tibwerere m'mbuyo, chifefe chisanafike. Mfuti inafika kuno isanakhale nkhani ya zilombo, inali nkhani ya anthu. M'ma 1870 Atonga amene anali mu ukapolo wa Angoni a M'mbelwa anathawa kumapiri n'kutsikira kunyanja, kukabisala m'malinga a mafumu monga Mankhambira ku Chintheche ndi Marenga ku Bandawe. Angoni atawatsatira anakagonjetsedwa pa mtsinje wa Chintheche, ndipo mwa zimene zinathandiza a m'malinga munali mfuti zogula kwa amalonda a minyanga ndi akapolo. Zinali za gogodela, zothirira kukamwa: onga, kansanza, kenako chilichonse cholemera chimene chilipo. Mtovu ukasowa ankaikamo zidutswa za chitsulo, misomali yodula, ngakhale timiyala. Apa ndiye panali kusankha kwenikweni, inu, chifukwa mlenje aliyense ankadzipimira yekha onga pachikhatho, kuwonjezera wa njovu, kuchepetsa wa gwape. Koma kunali kusankha kwa munthu wosauka. Onga ukanyowa mfuti inkangoti thi, osalira. Ukachuluka mpope unkang'ambika n'kutenga zala. Ndipo mukawomba kamodzi, kuti muthirenso, chilombo chakhala kale pachifuwa panu.

Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe, pomwe pano, ndipo manda a amishoni amene malungo anawatenga alipobe pafupi ndi phiri la Makuzi. Mu 1894 likulu linakwera ku Khondowe, koma sukulu inali itagwira kale. Atonga anakhala amtengatenga a kampani ya Mandala, ena anakamenya nawo nkhondo ya ku Karonga yolimbana ndi Mlozi pakati pa 1887 ndi 1889, ena analowa usilikali wa boma latsopano. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti anthu a kuno mfuti yamakono ankaidziwa bwino. Anaigwira, anaiwomba, ankadziwa kusiyana kwake ndi gogodela. Chimene chinawalekanitsa nayo ndi pepala.

Pepalalo linasainidwa ku Brussels pa 2 July 1890. Mayiko a ku Ulaya anagwirizana kuti pofuna kuthetsa malonda a akapolo, m'chigawo chonse cha Africa kuyambira madigiri 20 kumpoto mpaka madigiri 22 kummwera, mfuti zamakono zisamagulitsidwe kwa eni dziko. Zololedwa zinali zakale zija zothirira kukamwa, zopanda mizere, ndi onga wamba. Cholinga cholembedwa chinali chabwino, sindikukana, ukapolo unali woopsa kuno. Koma taonani chimene chinatsalira ukapolo utatha: mzungu ali ndi rifle yofika mamita mazana awiri, mwini munda ali ndi chitsulo chofika mamita makumi atatu ngati chafuna. Harry Johnston atayamba kulamulira mu 1891, kukhala ndi mfuti kunayamba kulira layisensi. Mu 1897 kunabwera malamulo a nyama, Elephant Marsh ndi dera la nyanja ya Chilwa n'kukhala malo otetezedwa. Kunabweranso lamulo la 1911, kenako la 1927 limene linapanikiza kasakidwe ka makolo, ka maukonde, mbuna ndi misampha, moti ngakhale amishoni ena ndi mabungwe a Native Association anadandaula. Komabe mkango, kambuku ndi fisi, pamodzi ndi anyani ndi nguluwe, ankaziwerengera m'gulu la zowononga. Izo mukanatha kupha, palibe akanakufunsani. Funso linali lakuti muphe ndi chiyani.

Pamene izi zinkachitika kuno, ku England anthu anali pa mpikisano wa kukamwa kwa mpope. W. R. Pape wa ku Newcastle analembetsa luso la choke mu 1866. Ku America mlenje wa abakha Fred Kimble ankati anatulukira ndi iyeyo. Koma amene anaitchukitsa ndi W. W. Greener wa ku Birmingham, amene mfuti zake zinapambana pa mayeso a magazini ya The Field mu 1875. Dziwani kuti onsewa ankaganiza za mbalame, abakha ndi nkhunda za mabwana. Za zilombo anaziganizira padera: mu 1886 kampani ya Holland & Holland inatulutsa mfuti yotchedwa Paradox, luso la Colonel George Fosbery, chifefe chokhala ndi mizere kukamwa kokha, chotha kuwomba njere m'mawa n'kuwomba chipolopolo chimodzi cholemera madzulo. Imeneyo ikanamukwana bwino munthu wa ku Makuzi, nkhanga ndi kambuku mfuti imodzi. Koma mtengo wake unali wa bwanamkubwa.

Imene inafika kumidzi ndi ina, Greener GP, ya mpope umodzi, yotsegula ndi kachitsulo ka pansi monga mfuti zakale za asilikali za Martini. Ndi yolimba ngati khasu, mpaka lero mukamva pawailesi kuti apolisi alanda mfuti ya Greener kwinakwake, nthawi zambiri ndi mtundu umenewu kapena abale ake. Ndipo pali m'bale wake mmodzi amene nkhani yake imandipatsa maganizo. M'ma 1920 kampaniyi inapangira apolisi a ku Egypt chifefe cha katiriji yakeyake, yosapezeka m'sitolo, kuti mfuti ikabedwa isagwire ntchito. Anthu anatulukira kuti katiriji yaing'ono ya nambala 16 ukaikulunga ndi pepala imakwana. Opanga anabwereranso ku tebulo, n'kupanga katiriji ya khosi ngati botolo ndi msomali wowombera wa mano atatu. Mwaona? Boma la atsamunda linkadziwa bwino lomwe kuti wolamulira katiriji ndiye wolamulira mfuti.

Agogo aamuna, bambo awo a amalume, anali mmodzi wa Atonga ambirimbiri amene anakagwira ntchito ku Halale, monga ankatchulira Southern Rhodesia. Dera lino linatumiza anthu ambiri kunja, Clements Kadalie wa ku Chifira uja, amene anakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndi wapafupi pomwepa. Ena ankabwera ndi njinga, ena makina osokera, ena galamafoni. Agogo anabwera ndi ndalama ya chifefe, nkhondo yachiwiri itangotha. Chilolezo cha rifle kwa munthu wakuda chinali ngati mazira a njovu, koma cha chifefe chinkatheka kwa mafumu, aphunzitsi, makalaliki ndi anthu amene boma linkawaona kuti ndi okhazikika. Anapeza layisensi, anagula Greener yawo, ya full choke malinga ndi amalume, ndipo m'mudzi monse munali mfuti imodzi yomweyo. Ntchito yake yaikulu inali anyani ndi nguluwe m'minda ya chinangwa, poti kuno kondowole ndiye moyo, ndi nkhanga za ndiwo. Makatiriji ankagula m'sitolo ina ya ulendo wa tsiku lathunthu, owerengeka, olembedwa m'buku. Ndipo panali vuto lina limene a kumtunda sangalimvetse: dera la Nkhata Bay ndi la mvula yambiri, ndipo makatiriji a nthawi imeneyo anali apepala. Chinyezi chikalowa ankafufuma n'kukana kulowa m'mfuti. Apulasitiki anabwera m'ma 1960. Agogo ankasunga awo m'chitini, atakulunga m'nsanza, pamwamba pa moto pa nsanja.

Kambukuyo anabwera m'ma 1950, amalume ali ndi zaka ngati khumi. Masiku amenewo nkhalango inkatsika kuchokera ku Viphya ndi mapiri a Kuwirwi mpaka pafupi ndi mchenga, osati izi mukuona lero mukamadutsa pa M5. Anayamba ndi mbuzi imodzi. Patapita masiku anatenga ina, kenako galu, pakhonde penipeni. Agogo anatuma munthu kusitolo kuti akafune SSG. Anabwerako ndi katoni ya nambala 6, ati zazikulu zinatha ndipo sitima sinabweretse zina. Alenje ena zikatero ankatsegula katiriji n'kusungunula njere kuti zikhale mpira umodzi, koma agogo anakana. Mpira wolimba ukakumana ndi kukamwa kopanikiza kwa full choke umatha kufufumitsa kapena kung'amba mpope, ndipo iwo anali ataona mfuti ya munthu wina itachita duwa kukamwa. Anati tiyesa yomweyi.

Anakhalira usiku utatu pa kansanja pafupi ndi khola. Usiku wachitatu, mwezi uli pakati, chinthu chinatulukira m'mphepete mwa chinangwa n'kuima. Amalume akuti malowo anawayeza okha m'mawa mwake, anali masitepe 30. Agogo anadikira kuti chisendere, koma mbuzi zinayamba kulira, kambuku n'kutembenuka ngati akubwerera. Apa ndi pamene munthu amaganiza ndi mtima: ndikamusiya abweranso, ndipo m'nyumba muli ana. Anawomba. Mudzi wonse unadzuka ndi kubangula kumene amalume akuti mpaka lero akakumbukira tsitsi limawaima. Kenako zii.

M'mawa anapeza magazi, koma timadontho chabe, ngati munthu wadzicheka ndi lumo. Mlenje aliyense amadziwa tanthauzo lake. Kambuku wabwinobwino amaopa munthu, amaba usiku n'kuthawa. Wovulala sathawa patali. Amalowa pa chitsamba chowirira, n'kugona chafufumimba moyang'ana kumene wachokera, kudikira. Kumusiya sikukanatheka, poti akazi ankadutsa njira yomweyo popita kukaviika chinangwa. Ndiye amuna asanu ndi mmodzi ananyamuka ndi mikondo, nkhwangwa ndi agalu awiri otsala, agogo patsogolo ndi mfuti ya mpope umodzi, katiriji imodzi mkati, ziwiri pakati pa zala.

"Ine anandiletsa," amalume anatero, "koma ndinatsatira chapatali. Mwana ndi mwana."

Zimene anaona akuti sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumeza malovu. Agalu anauwa kumanzere, onse n'kuyang'ana kumanzere, kambuku n'kutulukira kumanja, pansipansi, osadumpha m'mwamba monga amajambulira m'mabuku. Sanapite kwa wamfuti. Anagwera mlamu wawo wa agogo, amene anali ndi mkondo, n'kumugwetsa chagada, mano paphewa, zikhadabo zakutsogolo m'mutu. Agogo sakanawomba pomwepo, njere zikanatenga onse awiri. Anathamangira pafupi, n'kuzungulira kuti mlamuyo asakhale kuseri kwa chilombo, n'kuwomba mpope utatsala pang'ono kukhudza nthiti. Kambuku anafera pomwepo.

Katiriji yake inali yomweyo, nambala 6, ya m'katoni yomweyo. Pa masitepe 30 inangomukwiyitsa. Pa sitepe imodzi njere zonse zinali zisanabalalike, zinalowa ngati chibakera chimodzi cha mtovu. Pomusenda anapeza njere za usiku uja zili mbwee pansi pa chikopa, kuyambira paphewa mpaka kumaso, diso limodzi litaphulika, koma palibe ndi imodzi yomwe imene inadutsa nthiti. Full choke inagwira ntchito yake mokhulupirika, inafikitsa njere zambiri pa chandamale. Zinali njere zolakwika basi.

Mlamu uja anamunyamula pa machira kupita kuchipatala cha mishoni. Mabala a kambuku amaola msanga chifukwa cha nyama yovunda imene imakhala m'zikhadabo, ndipo anagona milungu yambiri. Anachira, koma dzanja lamanja linauma paphewa. Kwa munthu wa kunyanja zimenezo si zazing'ono: sanapalasenso bwato, sanakokenso khoka. Anakhala wosoka maukonde a anzake pamchenga mpaka imfa yake. Amalume akuti agogo ankamutumizira nsomba ndi nyama nthawi zonse, ndipo awiriwa sanakambiranepo za tsikulo pamaso pa ana.

Ndinafunsa funso limene mwina nanunso muli nalo. "Amalume, ikanakhala SSG bwenzi zitatha usiku womwewo?" Anapukusa mutu, osati kukana, koma ngati munthu amene funsoli analifunsa kale kambirimbiri. "Mwina. Pa masitepe 30, usiku, mwina. Ukanakhala wa rifle sukanafunsa n'komwe." Ndipo apa akunena zoona zimene alenje odziwa amavomereza. Njere zikuluzikulu zili ndi malire akenso. Zikakhala 15 kapena 20 zokha m'katiriji, pa mtunda wotero zochepa ndi zimene zimafika pamalo oyenera. Komanso zikapanikizidwa kwambiri mu full choke zimatha kuphwanyana n'kupindika, ndiye zina zimauluka mokhota, moti nthawi zina choke yapakatikati imaunjika bwino njere zazikulu kuposa yothina. Mfuti iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndipo njira yodziwira ndi kuiyesa pa pepala. Koma munthu amene makatiriji ake ndi owerengeka, olembedwa m'buku, angawononge asanu kuwombera pepala?

Alenje achizungu olipidwa, amene anali ndi mfuti zamitundumitundu, anagwirizana pa mfundo imodzi: chifefe cha SSG kapena SG ndi cha kutsatira kambuku wovulala m'chitsamba, pamene zonse zimachitika pa mayadi asanu. Kuyamba ankayamba ndi rifle. Pa mkango ambiri ankachikana chifefe, chifukwa mkango wamphongo umalemera katatu kuposa kambuku, ndipo ukamathamangira munthu minofu ya pachifuwa imalimba moti njere zimatha kuthera momwemo. Mkango wa ku Mfuwe m'chigwa cha Luangwa, umene unadya anthu 6 mu 1991 ndipo lero uli ku Field Museum ku Chicago, unaphedwa ndi rifle ya mlendo wochokera ku America, Wayne Hosek. Kutsidya kwa nyanja chakumpoto, ku Njombe m'dziko la Tanganyika, mikango imene inasautsa anthu kuyambira m'ma 1930 inatha m'ma 1940 ndi George Rushby, wa boma, wa rifle. Nkhani zonsezi zimafanana mathero ake: mudzi umalira miyezi kapena zaka, kenako kumabwera munthu wakunja ndi chida chimene eni mudzi saloledwa kukhala nacho, ndipo dzina lolowa m'buku ndi lake.

Fisi ndi nkhani ina. Ku Mulanje, m'chigwa cha Phalombe, afisi anapha anthu 27 m'zaka zochepa kuyambira 1955, makamaka m'miyezi yotentha pamene anthu ankagona panja. Mu 2003 ku Dowa chilombo chinapha anthu atatu n'kuvulaza 16, anthu pafupifupi 4,000 n'kuthawa m'midzi, ndipo akatswiri a zanyama ankati ndi fisi wachiwewe, ngakhale eni mudzi ambiri sanavomere. Fisi ndi wolimba modabwitsa, nambala 6 kwa iye ndi udzudzu. Za ng'ona za mu Luweya ndiye osanena. Chikopa cha pamsana n'chamafupa, malo opha ndi ochepa ngati bokosi la machesi, ndipo njere zikagunda madzi zimatha kudumpha n'kupita kumene simunazitume.

Pali chinthu china chimene amalume ananena mongodutsa, chimene ine ndinachigwira. Akuti kambuku uja atafa, ndi ena angapo amene anaphedwa m'midzi yoyandikana m'zaka zotsatira, anyani ndi nguluwe zinachita kunyanya m'minda. Wodya ana a nguluwe ndi woopseza anyani anali atachoka. Agogo anatha makatiriji ambiri pa anyani m'zaka khumi zotsatira kuposa amene anagula chigulireni mfutiyo. Sindikunena kuti akanamusiya kambukuyo, ayi, ine sindinagonepo m'nyumba ya udzu chilombo chikununkhiza pakhomo, ndipo amene sitinagonemo tizichepetsako maulaliki. Ndikungonena zimene zinachitika.

Lero zinthu zinatembenuka. Kuyambira m'ma 1960 kunabwera ma choke omanga ndi kumasula ngati nati, moti mfuti imodzi imatha kukhala mbale m'mawa n'kukhala lichero madzulo. Ku Ulaya analetsa njere za mtovu m'madambo kuyambira February 2023, chifukwa mbalame zimazimeza n'kufa, ndipo zodya nyama zonga nkhwazi zimatengera poizoniyo. Kusankha kumene agogo ankakufuna kulipo tsopano, kwa amene ali ndi ndalama ndi layisensi. Koma chosakacho chinatha. Mikango inatheratu m'malo ambiri a dziko lino mpaka anachita kuitanitsa ina, ku Majete mu 2012, ku Liwonde mu 2018. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, atalikonza mu 2017, limafika zaka 30 za ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri, ndipo mkango ndi kambuku, zowononga za dzana zija, zili m'gulu lomwelo. Chilombo chikavuta lero mumaimbira a zanyama zakutchire, iwo ndi amene amabwera ndi rifle. Kaya amafika msanga kaya mochedwa, wosankha choika m'mfuti akadali munthu wina, osati mwini khola. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ndikumvetsa chifukwa chake, ndipo mbali yaikulu ndikugwirizana nacho, ngakhale ndikudziwa kuti mayi amene mwana wake wagwidwa ndi ng'ona padooko sangandimvere.

Mfuti ya agogo kulibe. Atamwalira, layisensi inalibe woitenga, ndipo amalume anakaipereka kupolisi okha, atakulunga m'chiguduli, pa njinga. Chikopa cha kambuku chinapita kwa mfumu monga mwa mwambo, chifukwa chikopa chotero si cha munthu wamba. Chinatsala ndi kakhungwa kaja. Ndinafunsa kuti ndi ka kuwomba kuti, koyamba kapena kachiwiri.

"Koyamba," anatero. "Kachiwiri kanatayika m'tchire, ndani akanakumbukira kutola. Aka bambo anakatola okha pansi pa nsanja, n'kukaika m'thumba la jekete la kutchalitchi. Tinakapeza momwemo titawaika m'manda."

Anakabwezera m'chitini, pansi pa makadi a ubatizo, n'kutseka. Mwera unali utayamba kugwa, ndipo kumchenga anyamata anali atayamba kale kuyesa nyali za usipa.